Hoes kapena Martinez, mukanasankha ndani mu 2014?

Mu kalasi yathu ya statistics pano tili pa nkhani yolosera zam'tsogolo pogwiritsa ntchito manambala akale, ndiye ine ndakakamira pa chitsanzo cha baseball ya ku America. Timu ya Houston Astros mu Malichi 2014 inali ndi ma outfielder angapo a luso lapakatikati, ma outfielder ndi aja amaima kutali kumapeto kwa bwalo kudikira kuwakha mpira. Tingotengapo awiri, L.J. Hoes ndi J.D. Martinez.

Hoes anali ndi zaka 24, anachokera ku Baltimore Orioles mu Julayi 2013 pomwe matimuwa amamusinthanitsa ndi wosewera wina, Bud Norris, ndipo atangofika anamenya bwinobwino ndithu. Martinez anali ndi 26, wasewera ku Houston kuyambira 2011 mpaka 2013, mahomu rani (kumenya mpira n'kuutulutsa kunja kwa bwalo) 24 okha zaka zitatu zonsezo, kuwakha mpira nakonso osati kwenikweni. Fomula yosavuta yolosera yotchedwa Marcel, yomwe anakonza Tom Tango, imatenga zaka zitatu zapitazo n'kuzipatsa mphamvu 5, 4 ndi 3, chaka chaposachedwa ndiye chimalemera kwambiri, kenako imakokera manambalawo ku avereji ya ligi yonse n'kuwonjezerapo za msinkhu poti osewera ambiri amafika pachimake cha m'ma 27. Ukaganiza choncho wamng'onoyo amaoneka kuti akadali ndi kokwera pamene Martinez zake zinali zitaoneka kale. Astros inamuchotsa Martinez mwezi womwewo, Hoes n'kutsala.

Zotsatira zake eee. Detroit Tigers inamutola Martinez, mu 2014 anamenya avereji ya .315 (kumenya bwino ka 315 pa mipata 1,000 iliyonse) ndi mahomu rani 23, mu 2015 anafika 38, mu 2017 45, kenako Boston Red Sox inamupatsa kontrakiti ya zaka zisanu ya madola 110 miliyoni ndipo anatenga nayo World Series, chikho cha ligi yonse, mu 2018. Hoes mu ligi yaikulu anathera mu 2015.

Pomwe ndakhalitsa ine ndi pa chifukwa chake. Sizoni ya 2013 itatha Martinez anapita kwa aphunzitsi a kamenyedwe Craig Wallenbrock ndi Robert Van Scoyoc kukasinthiratu kamenyedwe kake kuti mpira uzikwera m'mwamba, anakayeseranso mu ligi ya ku Venezuela. Ndiye kuti manambala a 2011 mpaka 2013 aja amafotokoza kamenyedwe koti mwini wake anali atakataya kale, fomula ikuwerengera bwinobwino koma ikuwerengera munthu wina. Ndipo pa magemu okonzekera sizoni Houston inangomupatsa mpata womenya ka 18 basi, zochepa zedi, pamenepo ngakhale atamenya ngati chiphona palibe wa statistics angakhulupirire.

Komatu sindikuti Marcel ndi yachabechabe. Chaka chilichonse osewera apakatikati ambirimbiri amabwera akunena kuti ndasintha, ndakonza zonse, ambiri a iwo amabwerera pomwe anali ndipo fomula imawalondola. Ukamakhulupirira aliyense wonena choncho uluza kambirimbiri. Kwa ine vuto la Astros silinali kusankha Hoes kwenikweni koma kumutaya Martinez osamuyesa mokwanira, poti timu inali itangoluza magemu 111 mu 2013, kumupatsa miyezi iwiri yosewera sikukanawaonongera kanthu. Mu asayimenti ndikulembamo zimenezo, mtengo wodikira kuti data ichuluke poyerekeza ndi mtengo wotaya munthu msanga.