Lachitatu: tsitsi la m'chipeso ndi mapiritsi amene ndinasiya

Lero m'mawa, ndisananyamuke kupita kuchipatala, ndinachotsa tsitsi lomwe linatsalira m'chipeso, ndinalikulunga m'kapepala n'kuliika m'chikwama, poopa kuti ndikangofotokoza pakamwa adokotala aganiza kuti ndikukokomeza. Patha miyezi 14 chimalizireni chemotherapy, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa ya m'mawere. Tsitsi lomwe linathothoka lonse patangopita milungu itatu nditalandira mankhwala oyamba linameranso, lopotana ndiponso lotuwa kuposa kale, koma paliwombo latsala lopyapyala, moti ndikaima pansi pa getsi khungu la mutu limaonekera. M'chikwama momwemo ndinaikamo botolo limene mwana wanga anandigulira la mapiritsi a biotin, vitamini amene anthu amamwa pofuna kulimbitsa tsitsi. Chimene sindinauze aliyense m'nyumba n'chakuti kwa masiku anayi ndinali ndisakumwa letrozole, mapiritsi oteteza kuti khansa isabwerere.

Adokotala a khungu sanaseke kapepala kanga. Anandikhazika pafupi ndi zenera, anagawa tsitsi pakati ndi chipeso, anayang'ana ndi kagalasi kokulitsa zinthu, kenako anajambula chithunzi. Anandifotokozera kuti zoyambitsa vuto langa zingakhale ziwiri. Choyamba ndi docetaxel, mmodzi mwa mankhwala amene ndinalandira, yemwe mwa amayi ena amachititsa kuti tsitsi lisabwerere lonse ngakhale patapita miyezi 6. Chachiwiri ndi letrozole, yemwe ntchito yake ndi kutsitsa homoni ya estrogen m'thupi, ndipo estrogen ikachepa tsitsi la paliwombo limayamba kumera lowonda ndi lalifupi.

Apa m'pamene ndinaulula za masiku anayi aja. Adokotala anaika cholembera pansi.

"Mayi, khansa yanu inali ya mtundu umene umakula ndi estrogen. Mapiritsi amenewa ndi amene akuitsekera njira yobwerera, ndipo amamwedwa kwa zaka zosachepera 5. Tsitsi tili nazo njira zolithandizira, koma musasiyenso kumwa musanalankhule ndi adokotala anu a khansa."

Ndinachita manyazi, koma ndinakwiyanso pang'ono mumtima, chifukwa anthu ambiri akandiona amangoti ndithokoze kuti ndili moyo, ngati kuti munthu amene wapulumuka alibenso ufulu wodandaula akadziyang'ana pakalilole. Adokotalawa sananene zimenezo. Anawonjezera kuti ngati letrozole akundivuta kwambiri alipo ena monga anastrozole ndi tamoxifen, ngakhale nawonso amatha kupepukitsa tsitsi.

Tinakhalitsa pokambirana za minoxidil wopaka, mankhwala omeretsa tsitsi. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti mankhwalawa sakhudza mahomoni, ndipo n'chifukwa chake madokotala amayamba ndi iwo kwa amayi ngati ine. Wa thovu wa 5 peresenti amapakidwa kamodzi patsiku pakhungu louma la mutu, osati patsitsi. Anandichenjeza kuti m'milungu yoyambirira tsitsi likhoza kuthothoka kuposa panopa, pamene lakale likupereka malo kwa latsopano, ndipo amayi ambiri amataya mtima nthawi imeneyi n'kusiya. Kusintha kumayamba kuoneka pakapita miyezi 3 mpaka 6, popeza tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo munthu akasiya kupaka, lomwe linamera limabwerera pang'onopang'ono mwakale.

Ndinafunsa za minoxidil wakumwa, amene ndinamva kuti savuta ngati wopaka. Anati alipodi, amaperekedwa pamlingo wochepa kwambiri, koma poyamba anapangidwa kuti azitsitsa kuthamanga kwa magazi, choncho akhoza kutupitsa akakolo, kufulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kumeretsa tsitsi kumaso. Popeza ndinalandiranso doxorubicin, yemwe amatha kufooketsa mtima, sangandipatse asanaunike mtima wanga. Mankhwala ena a tsitsi, finasteride ndi dutasteride, anawakana mosazengereza chifukwa amasintha mahomoni ndipo akhoza kukweza estrogen. Za spironolactone, amenenso amaperekedwa pavuto la tsitsi, anati kafukufuku amene wachitika sanaonetse kuti amabweretsanso khansa, komabe sangandilembere popanda kugwirizana ndi adokotala a khansa.

Botolo la biotin ndilo linasokoneza dongosolo la tsiku lonse. Adokotala anafuna kuti ndiyezedwe magazi lero lomwe, kuti aone ayironi wosungidwa m'thupi, amene amamutcha ferritin, komanso mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, chifukwa zimenezi zikasokonekera tsitsi limathothokanso ndipo zimachizika mosavuta. Koma biotin wambiri amanamiza makina oyezera magazi. Mu 2017 bungwe la FDA la ku United States linachenjeza kuti akhoza kupotoza zotsatira, kuphatikizapo za troponin, zimene madokotala amadalira pofuna kudziwa ngati mtima wavulala. Anandiuza kuti ndisiye kumwa, ndibwere Lolemba. Anawerenganso zolembedwa kuseri kwa botolo, kufufuza ngati mulibe zomera zimene zimachita ngati estrogen m'thupi, ndipo anati chilichonse cholembedwa kuti n'chachilengedwe ndizibwera nacho kaye asanandilole kumwa. Pomaliza anandikumbutsa kuti ndisaluke tsitsi mothina ndiponso ndipewe mankhwala owongola tsitsi ndi zida zotentha.

Madzulo ndinamuuza mwana wanga zonse. Za botolo lake sanakhumudwe, koma za masiku anayi aja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anapita kukatunga madzi m'kapu.

"Amayi, imwani ndikuona," anatero.

Ndinamwa. Tinatulutsa mphaka m'chipinda, chifukwa adokotala anati minoxidil ndi poizoni kwa amphaka ngakhale atangonyambita pilo kapena zala. Mwana wanga anagawa tsitsi monga anachitira adokotala, anandijambula paliwombo ndi foni kuti tidzayerekeze pakapita miyezi itatu, ndipo anapaka thovulo ndi nsonga za zala. Linali lozizira, ndipo linauma msanga. Anasamba m'manja ndi sopo, ine ndinalemba pakalendala kuti Lolemba ndi tsiku la magazi, ndipo ndinaimika botolo la letrozole pafupi ndi mswachi, pamene sindingalephere kuliona m'mawa.