Wabwereka mbuzi, wabweza nkhuku: zimene ndamvetsa pa mathero a masewero a sayansi yopeka

Mtima wanga tsopano wakhala pansi. Pa phunziro la kalembedwe ka masewero a pa TV panali funso limodzi limene linkakana kumasuka: zimatheka bwanji kuti anthu akonde sewero zaka 6 zathunthu, gawo lomaliza likangotha omwewo n'kuyamba kulinyoza ngati sanalionepo? Yankho limene aliyense amapereka ndi loti olemba anasiya mafunso ambiri osayankha. Yankho limenelo ndi loperewera. Anzanga amene simunamalize Lost, Dark ndi Battlestar Galactica, dziwiranitu kuti mathero ake ndiulula onse.

Za chiyambi, pachimake ndi mathero sindibwereza, tonse tinazimva kusekondale. Chimene chanditsegula mutu ndi ichi: gawo lililonse wolemba amakongola kwa woonera, ndipo ngongole iliyonse ili ndi mtundu wake. Pali ngongole ya sayansi, pamene sewero likulonjeza kuti chodabwitsachi chili ndi chifukwa chimene makina kapena masamu angafotokoze. Pali ya mtima, yoti munthu uyu adzakhululukira bambo ake kapena ayi. Pali ya mizimu, yoti kuseri kwa zonsezi kuli mphamvu yosaoneka. Ngongole yaing'ono ikapanda kubwezedwa woonera amaiwala. Chimene chimamupweteka ndi kubwezeredwa ndi mtundu wina. Funsani aliyense woweta ku Ngabu: munthu akakubwereka mbuzi n'kudzakubwezera nkhuku, ngakhale mtengo utafanana, ubale umakhala utasweka.

Lost, sewero la anthu opulumuka ndege yawo itagwera pachilumba chodabwitsa, ikuonetsa zimenezi poyera. Inayamba mu 2004 n'kutha pa 23 May 2010, masizoni 6, magawo 121. Taonani zimene inabwereka. Manambala 4, 8, 15, 16, 23, 42 amene ukawaphatikiza amakwana 108. Kompyuta ya m'chipinda cha pansi pa nthaka yofunika kuilembera manambalawo mphindi 108 zilizonse. Bungwe la Dharma ndi kafukufuku wake, mphamvu ya maginito, katswiri wa fizikisi Daniel Faraday ndi kope lake la masamu a nthawi. Zonsezi zikuuza woonera kuti dikira, chifukwa chake chilipo ndipo n'choyezeka. Sizoni yomaliza itafika, gwero la zonse linapezeka kuti ndi phanga lowala pakatikati pa chilumba, lotsekedwa ndi mwala ngati chivindikiro, kenaka anthu onse n'kukumana m'tchalitchi. Yankho linaperekedwa ndithu, kungoti linabwera m'mtundu wa mizimu pamene ngongole inatengedwa m'mtundu wa sayansi. N'chifukwa chake oonera anagawanika pawiri. Amene ankatsata Jack, mtsogoleri wa opulumukawo, ndi bala la bambo ake analira misozi yachisangalalo, poti yawo inabwezedwa yonse, mbuzi kwa mbuzi. Amene ankatsata manambala anamva kuti aberedwa.

Ndipo pasapezeke wonena kuti okwiyawo amadana ndi nkhani za mizimu. Ife a kuno ku Chigwa cha Shire, kumene kachisi wa Mbona akadalipo ku Khulubvi, nkhani zotere si zachilendo. M'nthano, munthu akati "Padangokhala" ife n'kuvomera "Tilitonse", kalulu akayankhula palibe amadandaula, chifukwa lamulo la dzikolo lanenedwa pachiyambi pomwe.

Dark, ya ku Germany ija yonena za anthu oyenda m'nthawi kudzera m'phanga, ndiyo inandipatsa umboni wa mbali inayo. Masizoni 3, magawo 26, kuyambira 2017 mpaka 2020. Gawo lake lomaliza linachita chinthu chimene mabuku amaletsa, kubweretsa dziko lachitatu nkhani ili pafupi kutha. Zinapezeka kuti maiko awiri a Jonas ndi Martha, achinyamata amene nkhaniyo ikutsata, anabadwa pamene Tannhaus, wokonza mawotchi, anapanga makina ofuna kubweza mwana wake, mpongozi ndi mdzukulu amene anafa pangozi ya galimoto mu 1971. Jonas ndi Martha analetsa ngoziyo, iwo ndi maiko awo n'kuzimiririka. Oonera ambiri anaombera m'manja. Chifukwa chiyani? Nambala 3 inali itabzalidwa kalekale: 1953, 1986 ndi 2019, zaka 33 pakati pake, ndi chizindikiro cha mfundo ya nsonga zitatu chija pachitseko cha m'phanga. Ngongole inali ya makina ndi chisoni cha kholo, ndipo inabwezedwa ndi makina ndi chisoni cha kholo.

Njira yoonera zimenezi ndi kaundula wa ngongole, wofanana ndi wa banki nkhonde, ndipo ine ndikuti palibe njira ina yoposa iyi yophunzirira mathero. Tengani kope, jambulani mizati 5 patsamba: gawo, mphindi, lonjezo, mtundu, ndi pamene labwezedwa. Mu mzati wa mtundu muzilemba chilembo chimodzi chokha, S ya sayansi, M ya mtima, Z ya mizimu. Lonjezo lilembedwe ngati funso lalifupi, mawu osapitirira 10, mwachitsanzo "chimbalangondo choyera chafika bwanji pachilumba chotentha?" Likadzayankhidwa, lembani gawo lake ndi chilembo cha yankholo. Chimbalangondocho chinabwereka S n'kubweza S, poti sizoni 3 inaonetsa makola a Dharma, ndipo simudzamva munthu akuchidandaula. Mizere imene S wasanduka Z ndi imene muzizunguliza ndi cholembera chofiira. Werengani mizere yofiirayo, muona kukula kwa mkwiyo musanamve n'komwe zimene anthu ananena.

Polakwika ndi pambiri. Wongoyamba amalemba chilichonse, gawo limodzi n'kudzaza tsamba lonse. Malire akhale malonjezo 3 pagawo, ndipo lonjezo ndi lokhalo limene kamera yaimapo kapena nyimbo yasinthirapo. Vuto lina ndi la memori khadi. Magawo okopetsa pa Nchalo kapena pa Bangula akalembedwa 1, 2, 3 popanda ziro kutsogolo, mafoni ena amaika gawo 10 ndi 11 patsogolo pa gawo 2, munthu n'kuona yankho asanaone funso. Sinthani mayina akhale 01, 02 musanayambe. Gawo lomaliza la Lost ndi lalitali kuwirikiza, kotero makope ena analidula pawiri. Onetsetsani kuti zidutswa zonse zilipo. Pa Dark jambulani mtengo wa mabanja 4 aja, Kahnwald, Nielsen, Doppler ndi Tiedemann, chifukwa munthu mmodzi amaseweredwa ndi anthu atatu a misinkhu yosiyana, ndipo mukasokoneza nkhope mulemba ngongole pa dzina la mwini wina.

Palinso mkwiyo wobadwa ndi kusamva. Mpaka lero ena amati anthu a mu Lost anafa onse ndege itangogwa. Si zoona. M'tchalitchi muja Christian amauza mwana wake Jack momveka kuti zonse zinachitikadi, ndipo kuti ena anafa iye asanafe, ena patapita nthawi yaitali. Zithunzi za zidutswa za ndege pagombe zimene zinaonetsedwa mayina akuyenda kumapeto ndizo zinasokoneza ambiri. M'mavidiyo sho momwe womasulira amayankhula pamwamba pa mawu a osewera, ziganizo zochepa zoterezi n'zosavuta kutayika. Wokwiya wotere musamuike m'gulu limodzi ndi wa manambala uja, wake ndi mlandu wa khutu.

Chimene chimandiwawa ndi choti aphunzitsi amatha teremu yonse pa kaphiri kaja kojambula pabolodi, kukwera, nsonga, kutsika, osatchulako kuti woonera ndi wokongoza amene akusunga mawerengero m'mutu. Kaphiri kamathandiza pankhani ya masamba 10, koma magawo 121 angakwane bwanji pakaphiri kamodzi? Nthawi nayo ilibe chisoni. Lost yokha ndi maola opitirira 80, ndipo ukamaimitsa kuti ulembe amawirikiza. Onjezani dzuwa la Okutobala ku Nsanje limene limatenthetsa foni mpaka kuzima yokha, ndi magetsi othimathima. Amene nthawi yamuchepera alembe sizoni yoyamba ndi yomaliza zokha, zapakati angoonera.

Battlestar Galactica yokha ndiyo ikundisowetsabe tulo. Inatha mu 2009, woyendetsa ndege zankhondo Starbuck n'kungosowa pakati pa udzu ali chiyankhulire ndi mnzake Lee, zombo za m'mlengalenga n'kutumizidwa kudzuwa, ndipo n'kupezeka kuti zonse zinachitika zaka 150,000 zapitazo. Ambiri anakwiya nati Mulungu walowetsedwa kuti atseke mabowo. Koma kaundula akukana. Mkazi uja amene wasayansi Baltar yekha amamuona ankanena za dongosolo la Mulungu kuchokera pachiyambi, ndipo mu sizoni 2 dokotala atamuunika Baltar m'mutu sanapeze kachipangizo kalikonse. Mzati wa Z ndi wodzaza, mizere yofiira ndi yochepa, koma mkwiyo unalipo. Mwina oonera ankamva Z koma mumtima n'kumalemba S, poganiza kuti sewero la zombo ndi maloboti silingathe motero. Ngati zili choncho, ngongole ndi iti, imene wolemba ananena kapena imene woonera anakhulupirira? Ndipo chilembo chimene ndimaika mu mzati wachinayi, ndimachitenga m'sewero kapena m'mutu mwanga? Apa pokha sindinafikepo.