Sabata ya masamba a 16 KB

Ntchito yaikulu sabata ino inali yoti apu yathu ya Android iziyenda pa mafoni amene amagawa memory m'masamba a 16 KB m'malo mwa 4 KB. Lamulo la Google Play likuti kuyambira pa 1 November 2025, apu yatsopano kapena update iliyonse yolunjika pa Android 15 kupita m'tsogolo iyenera kugwirizana ndi masamba amenewa. Apu yolembedwa mu Kotlin kapena Java yokha ilibe nazo nkhawa. Yathu ili ndi gawo la C++ lochepetsa kukula kwa zithunzi ndi kusunga deta mobisa, ndipo gawo lomwelo limamangidwanso pa iOS. Choncho nkhaniyi inagwera ife amene timasamala zida zomangira apu: NDK (yomangira C++ pa Android), CMake, Gradle ndi Xcode (yomangira iOS).

Lolemba silinali tsiku losintha kanthu. Linali lowerenga zimene zili m'kati mwa APK (fayilo imene imaika apu pa foni ya Android) imene tinatulutsa komaliza. APK ndi zip chabe, ndiye ukaimasula umalowa mu lib/arm64-v8a n'kupeza mafayilo onse a .so, amene ndi khodi ya C kapena C++ yomangidwa kale. Pa fayilo iliyonse timayendetsa llvm-readelf -lW, chida chimene chimabwera ndi NDK mu toolchains/llvm/prebuilt, n'kuyang'ana mizere ya LOAD. Nambala ya kumapeto kwa mzere ikakhala 0x1000 ndiye kuti fayiloyo inayalidwa pa mabayiti 4096 ndipo foni ya masamba a 16 KB singaiike bwino mu memory. Ikakhala 0x4000, amene ndi 16384, zili bwino. Zimenezi zikukhudza mitundu ya purosesa ya 64-bit, arm64-v8a ndi x86_64, basi. Mafayilo a 32-bit sakhudzidwa.

Chimene chimadabwitsa anthu ambiri pa sitepe imeneyi n'chakuti mafayilo a .so amakhala ochuluka kuposa amene timu inalemba. Laibulale iliyonse yobwera ngati AAR (phukusi la laibulale ya Android) ikhoza kunyamula yake, ndipo mu build.gradle sumaona kalikonse kokuchenjeza. Ifenso tinapeza athu onse ali pa 0x1000, kuphatikizapo imodzi ya kampani ina imene timagwiritsa ntchito powerenga zikalata ndi kamera. Tinapezanso kuti module ina inali ndi ndkVersion yolembedwa, ina ilibe. Module yopanda mzerewu imatenga NDK imene Android Gradle Plugin (AGP) yasankha yokha, ndiye apu imodzi inkamangidwa ndi makompayila awiri osiyana.

Lachiwiri ndi limene linadya mphamvu. Njira zilipo ziwiri. NDK r28 imayala mafayilo pa 16 KB popanda kuiuza. NDK r27 imafuna kuti uwonjezere -DANDROID_SUPPORT_FLEXIBLE_PAGE_SIZES=ON pa arguments za CMake mu externalNativeBuild. Tinasankha r27 chifukwa pa nthawiyo ndi imene inasankhidwa kusamalidwa nthawi yaitali, ndipo tinalemba nambala yake yonse, 27.2.12479018, pa malo amodzi amene module iliyonse imawerengapo. Koma walira mvula walira matope. Kuti mafayilo a .so osapanikizidwa akhale pa malire a 16 KB m'kati mwa zip, pamafunika Android Gradle Plugin 8.5.1 kapena yoposerapo. Imeneyo imafuna Gradle 8.7, ndipo AGP 8 iliyonse imakana kuyenda popanda JDK 17. Zinthu zimenezi timazikweza chimodzichimodzi, chilichonse pa commit yake, kuti build ikasweka tidziwe chimene chaiswa. Kuzikweza zonse pamodzi kumaoneka kofulumira m'mawa, koma madzulo umapezeka ukufufuza cholakwika chimene chingachokere mbali zinayi.

Flag ya r27 ija imachita zinthu ziwiri. Imauza linker kuti max-page-size ndi 16384, komanso imachotsa macro ya PAGE_SIZE. Kuchotsako n'kwabwino kwambiri, chifukwa paliponse pamene khodi inkadalira PAGE_SIZE, kompayila imaima n'kukuonetsa fayilo ndi mzere. Pamenepo umaikapo sysconf(_SC_PAGESIZE) kapena getpagesize(), zimene zimafunsa foni nthawi imene apu ikuyenda. Vuto lenileni lili pa malo amene munthu analemba nambala ndi manja. Kompayila sidandaula ndi 4096, kapena 0x1000, kapena kusuntha mabiti 12. Zimenezo umazisaka ndi grep, n'kuwerenga malo alionse payekhapayekha, popeza 4096 yambiri imangokhala kukula kwa buffer ndipo ilibe mlandu.

Imene inali ndi mlandu inali mu khodi yowerenga mafayilo akuluakulu a zithunzi ndi mmap, lamulo loonetsa gawo la fayilo mu memory. Offset (malo oyambira m'fayilo) imene umapereka kwa mmap iyenera kugawika ndi kukula kwa tsamba. Khodiyo inkatsitsa offset kufika pa malire a 4096. Pa foni ya masamba a 16 KB, malire atatu mwa anayi alionse otere sagawika ndi 16384, ndiye mmap imakana n'kubweza cholakwika cha EINVAL. Cholakwika chotere n'choipa kuposa apu yongofa potsegula, chifukwa chithunzi china chimatseguka, china ayi, ndipo woyesa amene wangotsegula chimodzi amalemba kuti zonse zili bwino. Chochititsa chidwi n'chakuti pa iOS khodi yomweyo sinavutepo. Ma iPhone a arm64 akhala akugwiritsa ntchito masamba a 16 KB kwa zaka zambiri, ndiye nthambi ya iOS inkafunsa kale kukula kwa tsamba. Nambala youma inali m'nthambi ya __ANDROID__ yokha.

Kuyala kwa mafayilo a .so kukakonzedwa, kuyala kwa zip kumayesedwa padera: zipalign -c -P 16 -v 4 pa APK, pogwiritsa ntchito build-tools 35.0.0 kapena yatsopano, chifukwa zakale sizidziwa -P. Popeza ku Play timatumiza AAB (phukusi limene Play imapangirapo ma APK), timayamba tapanga ma APK ndi bundletool, n'kuyesa amenewo.

Lachitatu tinayatsa emulator ya Android 15 yokhala ndi system image ya 16 KB. Usanakhulupirire zotsatira zilizonse, yamba walemba adb shell getconf PAGE_SIZE. Ikayankha 4096, wasankha image yolakwika ndipo mayeso ako onse ndi achabe. Yathu inayankha 16384, ndipo apu inatseguka bwino mpaka pamene tinalowa pa sikirini ya kamera. Apo inafa ndi UnsatisfiedLinkError, dlopen italephera pa fayilo ya kampani ija. Fayilo ya eni sungaikonze wekha. Kuyala kumakhazikika nthawi ya link, ndipo popanda khodi yawo palibe flag ya Gradle ingathandize. Tinawalembera kalata yokhala ndi zimene readelf inaonetsa, veshoni ya laibulale yawo ndi tsiku la lamulo la Play. Kalata yotere imayankhidwa msanga kuposa yongoti apu ikufa.

Laibulale yomweyo inaulula nkhani ina yakale. Inkanyamula libc++_shared.so yake, ifenso tili ndi yathu, ndipo mu packaging munali pickFirst yoti Gradle isadandaule za mafayilo awiri a dzina limodzi. Mzere umenewu ndimauona ngati woopsa kuposa mmene anthu amauganizira. Suthetsa kusagwirizana, umangosankha fayilo imodzi osakuuza kuti ndi iti. Ikasankhidwa yakale, khodi yomangidwa ndi NDK yatsopano ingafune symbol (dzina la gawo la khodi) imene mulibe, ndipo pa nkhani ya sabata ino fayilo yakaleyo ingakhalenso yoyalidwa pa 4 KB. Njira yotsimikizira ndi kumasula APK n'kuyerekezera sha256 ya libc++_shared.so ndi ya imene ili mu sysroot ya NDK yako, pokumbukira kuti Gradle imachotsa ma symbol pomanga, ndiye uyerekezere zitachotsedwa mbali zonse. Njira yachidule ndi readelf -n, kuyerekezera Build ID ya mafayilo awiriwo.

Pa msonkhano wa tsikulo panabwera ganizo lochotsa armeabi-v7a, ya mafoni a 32-bit, kuti build izifulumira, popeza ABI (mtundu wa purosesa) iliyonse imatanthauza kumanga C++ yonse kachikena. Ganizoli silinadutse, ndipo siliyenera kudutsa kwa aliyense amene makasitomala ake ali ku Malawi, Zambia ndi maiko oyandikana nawo. Mafoni ambiri otsika mtengo a Android Go, monga ena a itel ndi Tecno, amayendetsa mapulogalamu a 32-bit okha ngakhale purosesa yake itakhala ya 64-bit. Ukachotsa armeabi-v7a, apu imangosowa pa Play kwa anthu amenewo, ndipo sadzabwera kudzadandaula. Kuisunga sikuwonongetsa bandulo ya munthu, chifukwa AAB imapatsa foni iliyonse mafayilo a ABI yake yokha. Chimene tinachita ndi kuika abiFilters ya ABI imodzi pa debug ya wolemba khodi, release n'kusiya zonse.

Lachinayi linapita ku iOS mosakonzekera. Makina a macOS omangira anayamba kukana ndi uthenga wakuti kugwirizana ndi CMake yakale kuposa 3.5 kunachotsedwa. CMake 4.0, imene inatuluka mu 2025, imakana projekiti iliyonse imene cmake_minimum_required yake ili pansi pa 3.5, ndipo laibulale ina yaing'ono ya C imene timamanga kuchokera ku khodi inali ndi nambala yakale. Mbali ya Android sinamve kanthu chifukwa imagwiritsa ntchito CMake 3.22.1 yochokera ku sdkmanager. Mbali ya iOS script inkangoika CMake yatsopano iliyonse imene ilipo tsikulo. Mankhwala a kanthawi ndi -DCMAKE_POLICY_VERSION_MINIMUM=3.5. Okhalitsa ndi kukonza CMakeLists ya laibulaleyo ndi kulemba veshoni ya CMake mu repo. Xcode nayo timaisankha ndi DEVELOPER_DIR mu script, osadalira imene xcode-select yaloza, makamaka popeza Apple imasuntha malire chaka ndi chaka, monga pa 24 April 2025 pamene inayamba kufuna Xcode 16 potumiza apu.

Pomanganso XCFramework, phukusi la laibulale ya iOS, panabwera funso limene limabwera nthawi zonse kwa wobwera kumene: bwanji osaphatikiza build ya foni ndi ya simulator m'fayilo imodzi ndi chida cha lipo? Chifukwa foni ndi arm64, simulator pa Mac ya Apple Silicon nayonso ndi arm64, ndipo lipo singasunge magawo awiri a architecture imodzi m'fayilo imodzi. Umamanga kawiri, iphoneos ndi iphonesimulator, n'kupereka zonse kwa xcodebuild -create-xcframework.

Lachisanu linali lotseka mipata kuti zimene takonza zisabwerere. Mu CI, makina amene amamanga ndi kuyesa apu okha, tinaika sitepe imene imamasula APK iliyonse ya release, kuyendetsa readelf pa .so zonse za 64-bit, ndi kugwetsa build ikapeza 0x1000. Sitepeyi imayang'ana chotuluka, osati zimene zalembedwa mu Gradle, chifukwa laibulale yatsopano ingabweretse fayilo yoipa popanda aliyense kukhudza flag. Fayilo ya kampani ija ili pa mndandanda wa zololedwa kwa kanthawi, ndi tikiti yake pambali.

Ccache, imene imasunga zomangidwa kale kuti build izifulumira, inafunanso chisamaliro. Dzina la cache ya CI tsopano lili ndi nambala ya NDK, kuti NDK ikasintha cache iyambe yatsopano m'malo mokoka katundu wakale amene sagwiranso ntchito. Mu gradle-wrapper.properties tinawonjezera distributionSha256Sum. NDK ya Linux imaposa 600 MB yopanikizidwa, ndiye kuikopera pa build iliyonse ndi kuwononga intaneti ndi nthawi. Ili mu Docker image imodzi pamodzi ndi JDK 17, build-tools ndi CMake, ndipo makompyuta a mu ofesi amaitenga pa seva ya m'kati.

Chomaliza chinali ma symbol. Kusintha NDK kumasintha maadiresi onse, ndiye lipoti la kufa kwa apu limawerengeka ndi ma symbol a build yomweyo basi. Tinaika debugSymbolLevel pa FULL kuti AAB inyamule mayina a mafayilo ndi mizere kupita ku Play Console, ndipo .so zosachotsedwa ma symbol timazisunga pamodzi ndi nambala ya build kuti ndk-stack izitha kuwerenga ma tombstone, malipoti amene Android imalemba khodi ya C++ ikafa. Mbali ya iOS ma dSYM, mafayilo ake a ma symbol, amasungidwa mofananamo. Release idikira laibulale yatsopano ya kamera. Ikafika, imayamba yadutsa pa readelf ndi emulator ya 16 KB, kenako ipite kwa anthu ochepa kaye kudzera mu staged rollout, tikuyang'ana malipoti a arm64-v8a ndi armeabi-v7a padera.