Zala za azakhali ndi ma kinase

M'mwezi wa Juni, kukazizira kuno ku Chipata, azakhali anga amadzuka zala zitatupa ndi kuuma, moti amalephera kuswa nshawa zimene amagulitsa pamsika wa Kapata. Kuchipatala anawauza kuti ndi nyamakazi ya mtundu umene thupi limadziukira lokha, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikufufuza kumene lamulo lakuti mfundo zitupe limachokera.

Limachokera m'kati mwa selo, ndipo olipereka ndi ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'thupi) otchedwa kinase, amene munthu ali nawo oposa 500. Ntchito yawo ndi kutenga phosphate, kachidutswa ka ATP (chinthu chonyamula mphamvu mu selo), ndi kuimata pa puloteni ina, kuti puloteniyo idzuke kapena igone. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs analandira mphoto ya Nobel mu 1992 chifukwa chotulukira kumata ndi kumatula kumeneku.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya NF-κB, puloteni yomwe imakhala yomangidwa ndi mlonda wake, IκB. Tizilombo tikafika, kapena uthenga woyambitsa kutupa wotchedwa TNF ukagogoda kunja kwa selo, kinase yotchedwa IKK imamata phosphate pa mlondayo, chomwe ndi chizindikiro chakuti aphwanyidwe. Pamenepo NF-κB imalowa mu nyukiliyasi, chipinda cha selo mosungidwa majini, ndi kukatsegula majini opanga IL-6 (uthenga wina wa kutupa), TNF winanso, ndi COX-2, enzyme yokolezera kutupa ndi ululu imene ibuprofen wa azakhali amaitsekereza. Chodabwitsa n'chakuti imatsegulanso jini ya mlonda yemwe uja, kuti moto wa kutupawo uzime wokha. Mu nyamakazi mauthenga oyatsa sasiya kubwera, ndiye kuzimako sikukwanira.

IL-6 nayo imadzera mwa ma kinase a banja la JAK, omwe alipo anayi. Mankhwala oletsa JAK otchedwa tofacitinib anavomerezedwa ku United States mu 2012, ndipo ndi mapiritsi, osati jakisoni.

Nditawerenga zimenezi ndinasangalala msanga, koma ndinabwerera m'mbuyo. Njira ya JAK yomweyo ndi imene interferon, uthenga wa chitetezo cha thupi, amadzeramo pothandiza thupi kupanikiza kachilombo ka TB ndi ka mashingozi, ndipo kuitseka kungadzutse matenda amene anali chigonere. Kwathu kuno, kumene TB ndi HIV zakhudza mabanja ambiri, chiopsezo chimenechi si chaching'ono, n'chifukwa chake dokotala amayamba wayeza TB asanapereke mankhwala otere. Azakhali anadwalapo TB ali mtsikana, ndipo ndawapempha kuti akapitanso kuchipatala akatchule zimenezo poyamba.