Wii ya ku Matawale ndi nkhani yogwedeza manja

Mawu a achimwene ena a ku Matawale, kuno ku Zomba, akundivutabe mpaka usiku uno. Anabwera ndi Wii yakale yogula kwa munthu, makina a magemu a Nintendo oseweredwa pogwedeza rimoti, akudandaula kuti kadzanja ka pa sikirini kakungodumphadumpha. Asanakhale pansi n'komwe anali atagamula kale mlandu: "Aise, magemu ovinitsa munthu awa anatha. Anthu ankangotengeka."

Makinawo analibe vuto. Nditawafunsa pomwe anaika TV, anati ili pawindo, dzuwa la masana limalowera kumbuyo kwake. Basi, ndi pomwepo. Ambiri amaganiza kuti kandodo kokhala pamwamba pa TV, ka sensor bar, n'kamene kamaona rimoti. Ayi. Kameneko kamangoyatsa timagetsi ta infrared mbali ziwiri, ndipo kamera ili kumutu kwa rimotiyo. Kamerayo imafunafuna timadontho tiwiri towala, ndiye ikakumana ndi dzuwa kapena kunyezimira kwa tebulo lagalasi imabalalika. Tsekani katani, imani pakati pa mita imodzi ndi mamita atatu, ndipo mu settings sankhani ngati kandodoko kali pamwamba kapena pansi pa TV. Kakafa, makandulo awiri oyaka, otalikirana pang'ono, amagwira ntchito yomweyo. Mabatire a rimoti ndi awiri a AA, koma musawasiyemo miyezi, amatuluka madzi n'kudya tizitsulo.

Zija zoti anatha ndi zimene zinandikwiyitsa, chifukwa achimwenewo akunena zoona theka lokha. Wii inatuluka mu 2006 ndipo inagulidwa zoposa 100 miliyoni. Koma rimoti yoyambayo inali ndi accelerometer, kachipangizo kongomva kugwedezeka, osati kupotoloka kwenikweni kwa dzanja. Anthu sanachedwe kuzindikira kuti tenesi ungawine uli khale pampando, kumangogwedeza mkono ngati ukuthamangitsa ntchentche. Nintendo inawonjezera gyroscope, kachipangizo komva kupotolokako, mu 2009 ndi kachidutswa ka MotionPlus, ambiri atatopa kale. Kinect ya Microsoft, kamera yoseweretsa magemu ndi thupi popanda rimoti, ya mu 2010, ndiye inanyanya: pamafunika kuima pafupifupi mamita awiri kuchoka pa kamera, thupi lonse lizioneka. Pitani mukaone chipinda cha mwana wasukulu ku Chikanda, bedi, tebulo ndi ndowa zili momwemo, malo ovinira achoka kuti? Microsoft inasiya kupanga Kinect mu 2017.

Chimene chinafa ndi kugwedeza dzanja pa ntchito imene batani limagwira bwino. Gyroscope ilipobe, inangosiya kudzionetsera. Ili m'mapadi oseweretsa magemu, monga Joy-Con ya Nintendo Switch ndi padi ya PlayStation 4 ndi 5, komanso m'mafoni. Anyamata odziwa PUBG Mobile amatembenuka ndi chala chachikulu, kenako kulozetsa bwinobwino amamalizira ndi kupendeketsa foni pang'ono chabe, zigongono zili pamaondo. Munthu woyang'ana patali sangadziwe n'komwe. Kungoti mafoni ena otchipa alibe gyroscope yeniyeni, ndiye mumayatsa mu gemu koma chithunzi chimachedwa kapena osasuntha. Funsani musanapereke ndalama. Padi ikayamba kukokera mbali imodzi yokha, igonekeni pa tebulo lathyathyathya, muchite calibrate osaikhudza.

Sindikudziwa chifukwa chake nkhani yaing'ono chonchi yandikhalira pamtima. Mwina n'kutentha kwa lero, tawuni yonse inali fumbi lokhalokha ndipo phiri silinkaoneka bwino. Mwinanso n'chifukwa choti munthu akati chinthu chinatha amakhala akunena za iye mwini, kuti anakula.

Potuluka, achimwene aja anafunsa ngati ndikudziwa wina woti agule Wii ija. Kenako anatchula okha kuti ana awo, ngakhalenso agogo a anawo amene sanagwirepo padi, amalimbirana bowling ya Wii Sports Loweruka lililonse magetsi akakhalapo. Ndinawakumbutsa za kachingwe ka pamkono, chifukwa rimoti yopulumuka m'manja mwa thukuta inaswa ma TV ambiri. Anati aganiza kaye. Mtengo sanatchule.