Injini ya dizilo italowa, eyakoni inazima

Hilux yanga ya 1991 inali ndi injini ya petulo ya 3Y. Itatopa tinaikamo ya dizilo ya 3L, ndipo eyakoni sindinaiganizireko mpaka Okutobala atandipeza ndikutsika Thabwa kupita ku Nchalo, malaya atamatira kumsana.

Ndinkati ndi nkhani yongothira gasi. Amakaniko anaseka: "Bwana, mukathira lero, mawa mulibe."

Tinayamba ndi kompresa, pampu yoyendetsa gasi wa eyakoni. Ya Denso yomwe inabwera ndi injiniyo inakhala bwino pa bulaketi yake, koma mapaipi akale sanafikepo, choncho tinadulitsa atsopano. Vuto lina linali gasi. Galimotoyi inapangidwira R12, amene analetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987, pomwe kompresayo ndi ya R134a. Oilo wawo ndi wosiyana: R134a amafuna wa PAG, ndipo sayenda ndi oilo wakaleyo. Tinatsuka kondensa ndi mapaipi onse, n'kusintha timphira ta m'majointi kuika tobiriwira toyenerana ndi R134a.

Draya, kabotolo komwa chinyontho cha m'mapaipi, ndinafuna kuisiya yakale yomweyo kuti ndipulumutseko ndalama. Ndinalakwa kuganiza choncho. Mapaipi anakhala pululu miyezi inayi, ndipo kabotoloko kanali katamwa kale chinyontho chonse chomwe kakanatha kumwa. Tinagula katsopano.

Titamanga, tinapopamo nayitrojeni n'kupaka thovu la sopo paliponse polumikiza kuti tione potulukira mpweya. Jointi imodzi inawira, tinaimanganso. Kenako vakyumu, kukoka mpweya wonse m'mapaipi, kwa mphindi 45, n'kudikira kuona ngati singano ya geji ibwerera. Sinasunthe. Gasi tinathira poyeza pa sikelo, wocheperako pang'ono pa mlingo wa R12 wolembedwa pa sitika. Zothira mongokhudza paipi kuti "yazizira" ndi zomwe zimapha makompresa ambiri.

Ndinadina batani. Zii! Klachi ya kompresa, yomwe imailumikiza ku injini kuti izungulire, sinagwire.

Apa ndi pomwe tinathera masiku awiri. Fyuzi inali bwino, rile inali bwino, klachi tikaipatsa moto kuchokera ku batire inkagwira. Kenako tinazindikira kuti kabokosi kolamulira eyakoni, kamene kali kuseri kwa dashibodi, kankawerenga liwiro la injini kudzera ku koilo, yopereka moto ku mapulagi a injini ya petulo. Dizilo ilibe koilo, ndiye kwa kabokosiko injini inali yozima nthawi zonse. Wamawaya anakalambalala, n'kudutsitsa moto pa themositati ndi pa swichi ya presha kupita ku rile, kuti kompresa izizimabe gasi akachepa kapena kuzizira kukapyola.

Chatsala ndi aidulo, liwiro la injini ikamalira galimoto itaima. Ndikaima pa maloboti kompresa n'kugwira, injini imanjenjemera pang'ono, chifukwa valavu yokweza aidulo sitinailumikize. Loweruka ndibwererako.