Manambala a DRO ankayenda okha tebulo litaima

M'galaja yanga kuseri kwa nyumba muli makina osemera zitsulo, aja amati milling machine. Si abizinesi ayi, ndimangopangira tizitsulo tanga Loweruka. Mota yake ndi ya three phase, ndiye poti magetsi akunyumba ndi a single phase, 230 V, ndinaikapo chipangizo chotchedwa VFD choti chiziyendetsa motayo ndi kusintha liwiro lake. Kenako ndinagula DRO, kabokosi koonetsa manambala a pomwe tebulo lafika, pamodzi ndi masikelo atatu agalasi oyeza kusuntha kwa makina mbali zitatu, X, Y ndi Z. Sikelo iliyonse imawerenga mpaka 0.005 mm.

Vutoli ndinalizindikira chitsulo chitawonongeka kale. Ndinkaboola mabowo anayi pa aluminiyamu, ndipo lomaliza linaphonya ndi pafupifupi 0.3 mm. Ndinaganiza kuti ndawerenga molakwa. Nditadula china, zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo mtima unandipweteka chifukwa aluminiyamu ameneyo ndinamupeza movutikira.

Tsiku lotsatira sindinaseme kanthu. Ndinamanga tebulo kuti lisasunthe, ndinaika dial indicator (kachipangizo ka muvi koonetsa kusuntha kulikonse) m'mphepete mwake, manambala onse n'kuwabweza pa ziro. Mota ili chete, manambala anali phee. Nditangoiyatsa, X anayamba: 0.005, kubwerera pa ziro, 0.010, 0.025, n'kumapitirira. Muvi wa dial indicator sunagwedezeke n'komwe. Pofuna kutsimikiza kuti si kunjenjemera kwa makina, ndinachotsa lamba kuti mota izizungulira yokha, kenako ndinatsitsa liwiro mpaka inkangokwawa. X ankayendabe. Apa ndinadziwa kuti ndi timagetsi tosokoneza, tomwe amisiri amati noise.

Ndifotokozeko pang'ono chifukwa chake zimatere, poti kumvetsa izi n'komwe kunandiongolera. Sikelo yagalasi siidziwa pomwe tebulo lili. Imangotumiza timagetsi ta 5 V pa mawaya awiri, A ndi B, ndipo kabokosi kamawerenga masitepe, kupita kapena kubwerera. Noise ikagunda waya umodzi, nambala yomaliza imaphethira n'kubwerera pamalo pake. Ikagunda onse awiri nthawi imodzi, kapena mothamanga kuposa momwe kabokosi kangawerengere, sitepe imatayika kapena kuwonjezeka, ndipo kabokosi sikadziwa kuti kalakwitsa. Zolakwazo zimangounjikana. Pomwe VFD imayatsa ndi kuzimitsa magetsi opitirira 300 V kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo waya wopita ku mota umamwaza chisokonezocho ngati mlongoti wa wailesi.

Kuseri kwa kabokosi ndinasinthanitsa mapulagi a X ndi Y. Vuto linasamukira pa zenera la Y. Choncho kabokosi kanalibe mlandu, nkhani inali pa sikelo ya X kapena waya wake. Mayeso amenewa satenga mphindi ziwiri, ndipo ndikukulangizani kuti muziyambira pamenepa musanaganize zogula china chilichonse.

Nditautsatira wayawo ndinapeza zomwe ndinachita ndekha. Pofuna kuti pamalo pazioneka mwaudongo, ndinaumangirira limodzi ndi waya wa mota mtunda wa pafupifupi mita imodzi. Ndinadula zomangirazo, wa sikelo ndinaudutsitsa mbali ina ya makina, ndipo pomwe sakanalephera kukumana ndinawapingasitsa ngati mtanda. Kuyenda kwa manambala kunachepa kwambiri, koma pa mphindi zisanu X ankasunthabe masitepe awiri kapena atatu.

Chomwe chinandiopsa ndinachipeza pambuyo pake. Ndinazula pulagi kukhoma, ndinaika multimeter pa ohms, n'kuyeza kuchokera pa thupi la makina kufika pa phini ya earth. Panalibe kulumikizana kulikonse. Nditatsegula extension yomwe ndinkagwiritsa ntchito, mkati munali mawaya awiri okha, ngakhale pulagi yake inali ya mapini atatu. Apa m'pomwe ndinakumbukira kuti nthawi zina ndikakhudza tebulo ndi kuseri kwa dzanja ndinkamva kunyerenyetsa, ine n'kumangoti ndi thukuta. VFD imatayira timagetsi pa thupi la mota, ndipo popanda earth timagetsito timafuna njira ina: waya wa sikelo, kapena munthu. Chonde, ngati makina anu amakunyerenyetsani, siyani za manambala, konzani earth kaye. Ine ndinakoka waya watsopano wa mawaya atatu, ndipo VFD, mota, thupi la makina ndi kabokosi ka DRO zonse ndinazitengera earth pa bawuti imodzi. Nditayezanso, multimeter inaonetsa zosakwana 1 ohm.

Musanagwire mkati mwa VFD, zulani pulagi ndipo dikirani mphindi zosachepera zisanu, kenako yezani. Ma capacitor ake amasunga magetsi okwanira kupha munthu ngakhale nyali zake zitazima.

Earth itakhala bwino, manambala analeka kuunjikana, koma nambala yomaliza ya X inkaphethirabe. Ndinatsegula pulagi ya sikeloyo, ija ya mapini 9. Ukonde wachitsulo womwe umakuta mawaya mkati, shield, unali utangodulidwa osalumikizidwa ku chikopa cha pulagi. Pa Y ndi Z unali wolumikizidwa bwinobwino, n'chifukwa chake awiriwo sankavuta. Ndinauwotcherera ndi solder, mwaufupi momwe ndikanathera, chifukwa kamchira kakatalika shield imachepa mphamvu.

Zotsalazo ndinachita mwachangu. Waya wa mota ndinasintha n'kuika wa mawaya anayi wokhala ndi shield, ndipo shieldyo ndinaipana ndi kalampu mbali zonse ziwiri, ku VFD ndi ku mota. Polowera magetsi a VFD ndinaikapo EMI filter, sefa yotchinga noise. Mphete za ferrite, zomwe zimachepetsa noise, ndinaziveka pa mawaya a masikelo pafupi ndi kabokosi, ngakhale kunena zoona sindinaone kusintha kwenikweni ndi zimenezo. Carrier frequency ya VFD, liwiro lomwe imayatsira ndi kuzimitsira magetsi, ndinaitsitsa kuchoka pa 12 kHz kufika pa 4 kHz. Mota tsopano imalira kamluzu kosasangalatsa m'makutu, koma ndinakalola.

Amene muli ndi masikelo otchipa aja ofanana ndi choyezera chapamanja chija, caliper ya batire, anu amamva noise msanga kuposa agalasi, chifukwa amayendera 1.5 V kapena 3 V basi. Yesani kuwayendetsa ndi batire m'malo mwa adaputa. Akakhazikika, ndiye kuti adaputayo ndi yomwe ikubweretsa chisokonezo. Capacitor ya 0.1 µF pa mawaya amagetsi, pafupi ndi mutu wowerengera, imathandizanso.

Pomaliza ndinamanganso tebulo, ziro paliponse, mota n'kuisiya ikuzungulira mphindi 30, ndikukweza ndi kutsitsa liwiro, kuzimitsa ndi kuyatsa. Mazenera onse atatu anakhalabe pa 0.000. Ndinatenga chidutswa chachitatu cha aluminiyamu uja, ndinaboola mabowo anayi, ndipo mapini onse analowa ndi chala chokha.